Mankhwala a chlorophenol: gwero la 2,4-D ndi ngozi zake pa mbewu zopita ku Kanengo

Mlimi sapita ku sitolo ya zipangizo zaulimi kukagula chlorophenol. Komabe mankhwala angapo amene alimi amapopera m'munda amapangidwa kuchokera ku gulu limeneli, ndipo amafika m'dziko muno atapangidwa kale kunja. Zotsatira zake zimakaonekera ku Kanengo, kumene fodya amagulitsidwa pa okushoni ya AHL ndipo chimanga chimasungidwa m'nkhokwe za NFRA. Mlangizi amene akudziwa chiyambi cha mankhwalawa atha kufotokozera alimi chifukwa chake malangizo ena ndi okhwima.

Kodi chlorophenol n'chiyani?

Maziko ake ndi phenol, amene ali ngati mphete ya mipando isanu ndi umodzi. Mpando woyamba ndi wokhalidwa kale, ndipo pa mipando isanu yotsalayo, kuyambira 2 mpaka 6, pakhoza kukhala chlorine. Malinga ndi kuchuluka kwa chlorine komanso mipando imene wakhala, pamatuluka mitundu 19. Mitundu itatu ili ndi chlorine mmodzi, isanu ndi umodzi ili ndi awiri, ina isanu ndi umodzi ili ndi atatu, itatu ili ndi anayi, ndipo pentachlorophenol wadzaza mipando yonse.

Mitundu yofanana kuchuluka kwa chlorine koma yosiyana mipando imatchedwa ma isomer. Ali ngati ana a mimba imodzi osiyana khalidwe. Manambala a pa dzina la mankhwala amatchula mipandoyo. Mu 2,4-D, chlorine ali pa mpando 2 ndi 4. Akachoka pa 4 n'kukhala pa 6, mankhwalawo amataya pafupifupi mphamvu yonse yopha udzu.

Zimene mafakitale amapanga

Ntchito yaikulu ya ma chlorophenol ndi kukhala popondera popanga mankhwala ena. Mafakitale akaphatikiza 2,4-dichlorophenol ndi chloroacetic acid amapeza 2,4-D, mankhwala opha udzu wa masamba otambalala amene anayamba kugulitsidwa m'zaka za m'ma 1940. Kuchokera ku 2,5-dichlorophenol kumapangidwa dicamba, wophanso udzu. Profenofos, wopha mbozi, amachokera ku 2-chlorophenol. Mankhwala a matenda a mbewu monga triadimenol amachokera ku 4-chlorophenol, ndipo prochloraz amachokera ku 2,4,6-trichlorophenol.

Mtundu umene unabweretsa mavuto aakulu ndi 2,4,5-trichlorophenol, amene ankapangira 2,4,5-T. Popanga mtundu umenewu, kutentha kukapitirira muyeso pamatuluka poizoni woopsa wotchedwa dioxin. Poizoniyu anali mu Agent Orange, msakanizo wa 2,4-D ndi 2,4,5-T umene unapoperedwa pa nkhondo ya ku Vietnam. Pa 10 Julayi 1976 fakitale yopanga 2,4,5-trichlorophenol pafupi ndi Seveso ku Italy inatulutsa dioxin, ziweto zinafa ndipo mabanja anasamutsidwa. Pentachlorophenol, amene ankathira m'mitengo ndi m'matabwa kuti asadyedwe ndi chiswe, anaikidwa mu 2015 pa mndandanda wa mankhwala oyenera kuthetsedwa pansi pa mgwirizano wa Stockholm, umene Malawi ndi membala wake.

2,4-D ndi fodya sizigwirizana

Mankhwala a 2,4-D amatsanzira chinthu chimene chomera chimapanga chokha kuti chikule. Chomera cha masamba otambalala chikawalandira chimakula mosalongosoka, chimapindika, kenako chimafa. Chimanga, mapira ndi nzimbe zimapirira zikapoperedwa pa msinkhu umene walembedwa pa botolo. Chisoso, bonongwe ndi mwamunaaligone zimafa. Koma mankhwalawa sasiyanitsa udzu ndi mbewu: fodya, thonje, tomato, nyemba, soya ndi maungu ndi za masamba otambalala nazonso.

Fodya sachedwa kugwidwa. Kadontho kochepa kouluka ndi mphepo kuchokera m'munda wa chimanga n'kokwanira kuti masamba atsopano atuluke opyapyala, opiringizika ndi okhakhala. Tsamba lotere silikonzeka, ndipo mlimi amaluza pa sikelo komanso pa giredi. Ogula fodya amapimanso zotsalira za mankhwala m'masamba.

Ngozi imadzera njira ziwiri. Yoyamba ndi mphepo. Mtundu wa ester umasanduka mpweya dzuwa likaswa mtengo ndipo umatha kufika m'munda wa mnzako ngakhale kupopera kutatha, pamene mtundu wa amine suuluka kwambiri. Yachiwiri ndi sipuleya. Zotsalira za 2,4-D zimakanirira m'thanki ndi m'mapaipi, ndipo sipuleya yobwerekana m'kalabu ikhoza kuwononga nazale yonse ya fodya kapena dimba la tomato.

Fungo la chuku m'mabelo ndi m'matumba

Thabwa lothiridwa chlorophenol likanyowa, nkhungu zina zimasandutsa mankhwalawo kukhala chloroanisole. Ameneyu amanunkha ngati chipinda chachinyezi chotsekedwa nthawi yaitali, ndipo mphuno ya munthu imamumva ngakhale atachepa kwambiri. Fungoli limalowerera m'ziguduli, m'makatoni, m'fodya, mu mtedza ndi mu khofi, ndipo likalowa silichoka ndi kuyanika. Belo lokhala pa matabwa akale onyowa podikira galimoto yopita ku okushoni likhoza kutenga fungoli popanda kukhudzana ndi mankhwala alionse a m'munda.

Madzi ndi moto

M'nthaka, tizilombo tosaoneka ndi maso timaphwanya 2,4-D, ndipo chimodzi mwa zotuluka ndi 2,4-dichlorophenol yemweyo. Bungwe la WHO limasonyeza kuti munthu amayamba kumva kakomedwe kake m'madzi pa 0.3 microgram pa lita. Izi zikutanthauza kuti galamu imodzi ikhoza kusintha kakomedwe ka malita oposa 3 miliyoni. Kutsuka sipuleya pa chitsime, pa mjigo kapena mu mtsinje wa Lingadzi kumaika pa chiswe madzi a anthu ambiri.

M'madera monga Mgona, Area 25 ndi Chinsapo, zigubu zakale ndi zidutswa za matabwa zimapeza ntchito msanga, zina zotungira madzi, zina zophikira. Matabwa othiridwa pentachlorophenol akapsa pa mbaula amatulutsa dioxin. Ndi maso n'kovuta kudziwa mankhwala amene anathiridwa m'thabwa, choncho thabwa lililonse lothiridwa mankhwala lisalowe pa moto wophikira kapena wochizira fodya.

Zoyenera kuuza alimi

1. Agule mankhwala okhala ndi lebulo, olembetsedwa ndi Pesticides Control Board, ndipo awerenge dzina la mankhwala enieni amene ali m'botolo. Mankhwala othiridwa m'timabotolo topanda lebulo asagulidwe.
2. Kalabu ikhale ndi sipuleya yapadera ya 2,4-D, yolembedwa bwino, yosalowa m'fodya kapena m'dimba.
3. Pafupi ndi fodya, thonje kapena tomato asankhe amine, apopere kulibe mphepo ndiponso kusanatenthe, ndipo adziwitse eni minda yoyandikana.
4. Chimanga chophatikiza ndi nyemba, soya, nandolo kapena maungu chisapoperedwe 2,4-D.
5. Popopera avale magolovesi, nsapato za jombo ndi zovala zotseka thupi lonse.
6. Chigubu chitsukidwe katatu, madzi otsukirawo athiridwe m'sipuleya, kenako chibooledwe. Chisawotchedwe ndipo chisasungire madzi, mafuta ophikira kapena thobwa.
7. Mabelo ndi matumba akhale pa mitengo youma yosathiridwa mankhwala, m'chipinda chopita mphepo.

Mlangizi akaona fodya wopiringizika masamba, afunse kaye za sipuleya ndi zimene zapoperedwa m'minda yozungulira asanaganize za matenda. Za mankhwala ovomerezeka pa fodya, alangizi afunse ku ARET.