Munthu wa pampando wakumanzere

M'misewu ya m'mizinda yathu simusowa kagalimoto koyenda pang'onopang'ono, kokhala ndi chilembo chofiira cha L kutsogolo ndi kumbuyo. Madalaivala a minibasi amakaimbira hutala, akabaza amakadutsa mbali zonse ziwiri, ndipo maso a anthu amathamangira kwa wophunzira amene wakakamira chiwongolero ali thukuta kamukamu. Ochepa amayang'ana munthu wa pampando wakumanzere, amene phazi lake limakhala tcheru pamwamba pa buleki kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ameneyo ndiye mphunzitsi wa kuyendetsa galimoto, ndipo zambiri zimene timaona pamsewu, zabwino ndi zoipa zomwe, zinayambira pakamwa pake.

Ambiri mwa aphunzitsiwa sanayambe ndi uphunzitsi. Ena anali pa minibasi, ena ankayendetsa mabwana a m'makampani, ena anatopa ndi kugona m'mathiraki panjira ya ku Beira ndi ku Dar es Salaam, ndipo anafuna ntchito yoti madzulo azikagona kunyumba. Lamulo la pamsewu la mu 1997 sililola munthu kungodzuka n'kuyamba kuphunzitsa anthu molipiritsa. Ayenera kukhala ndi chiphaso cha uphunzitsi, ndipo sukulu yake iyenera kulembetsedwa ku nthambi ya boma yoona za pamsewu, imene tonse timangoti ku Road Traffic. Malaisensi nawo ali m'magulu. Wa B ndi wa galimoto zing'onozing'ono zosapitirira makilogalamu 3,500, wa C1 amafika pa makilogalamu 16,000, wa EC ndi wa mathiraki okoka ngolo. Munthu sangaphunzitse lole iye mwini ali ndi pepala la kagalimoto kakang'ono.

Komatu pepala ndi poyambira chabe. Chovuta kwa dalaivala wakale amene akufuna kukhala mphunzitsi ndi chakuti luso lake linalowa m'thupi kalekale moti sathanso kulifotokoza. Mufunseni momwe amanyamukira pamtunda galimoto osabwerera m'mbuyo, adzakuyankhani kuti, "Umangomva basi." Wophunzira samva kanthu. Amafunika munthu womuuza kuti atule kilatchi pang'onopang'ono mpaka kulira kwa injini kusinthe ndipo galimoto iyambe kunjenjemera, aimitse phazi pomwepo, awonjezere moto pang'ono, kenako atsitse handibuleki. Chimene phazi la katswiri limachita m'kuphethira kwa diso chiyenera kuphwanyidwa m'magawo, gawo lililonse ndi mawu ake. Wofuna uphunzitsi amabwereranso ku buku la malamulo a pamsewu limene analisiya tsiku lomwe analandira laisensi, ndipo kumeneko amapeza kuti zizolowezi zina zimene ankanyadira, monga kutsetsereka pa nyutirolo populumutsa mafuta kapena kutsamiritsa phazi pa kilatchi, ndi zolakwa zimene sayenera kupatsira wina.

Amaphunziranso kuyendetsa ali kumanzere. Galimoto yabwino ya sukulu imakhala ndi buleki ndi kilatchi zachiwiri kumbali ya mphunzitsi, koma chiwongolero n'chimodzi, ndipo zikavuta ayenera kuchigwira ndi dzanja lamanja lokha, atatambasuka, n'kubweza galimoto mumsewu. Luso lenileni ndi lakuti zisafike pamenepo. Mphunzitsi wodziwa ntchito amaona mwana amene waima m'mbali mwa msewu wophunzira asanamuone, amadziwa kuti minibasi ili kutsogoloyo iima mwadzidzidzi chifukwa kondakitala watulutsa mutu pawindo, ndipo amalankhula nthawi ikadalipo: "Chotsani moto, mayi. Yang'anani pagalasi. Tsopano buleki, pang'onopang'ono." Akachedwa kulankhula ngozi yachitika, akafulumira kuponda yekha buleki nthawi zonse wophunzira sakhwima. Kudziwa poti alowererepo ndi poti amusiye munthu alakwitse bwinobwino n'kumene kumasiyanitsa mphunzitsi ndi dalaivala wongokhala pambali.

Za ukali ndinenepo mosabisa. Alipo aphunzitsi amene amakhulupirira kuti kukalipa ndiye kuphunzitsa, ndipo ena mwa ophunzira awo amalandira laisensi koma osadzagwiranso chiwongolero chifukwa cha mantha. Munthu amene injini yamuzimira pakati pa raundabauti ya pa Clock Tower ku Blantyre, magalimoto ali ndondondo kumbuyo, safunika womukumbutsa kuti walakwa. Amafunika mawu odekha omuuza choyamba kuchita. Pampando umenewo pamakhala anthu osiyanasiyana: mnyamata wa zaka 18 amene anaba kale luso pagalimoto ya amalume ake ndipo akuti akudziwa zonse, namwino amene wasunga ndalama zaka zambiri kuti agule kagalimoto kake, bambo wachikulire amene ku ofesi amalamula anthu koma pano ayenera kumvera mwana wamng'ono kwa iye. Aliyense ali ndi kalankhulidwe komuyenera. Amayi ambiri amamasuka akaphunzitsidwa ndi mayi mnzawo, ndipo chifukwa chake n'chodziwika: m'galimoto mumakhala anthu awiri okha, ndipo si mphunzitsi aliyense amene amasunga ulemu. Sukulu zimene zikulemba ntchito aphunzitsi aakazi zikuchita bwino, ndipo zichuluke.

Ntchitoyi imapanikizidwa ndi ndalama. Galimoto ya sukulu imatha msanga, makamaka kilatchi, poti tsiku lonse ili m'mapazi a anthu osazolowera. Zipangizo zimachokera kunja, ndipo kwacha itagwa mu May 2022 n'kudzagwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa chilichonse unakwera. Mafuta akasowa, mphunzitsi amagona pamzere wa pa filing'i siteshoni m'malo mophunzitsa. Mwini sukulu akaona zimenezi amafupikitsa nthawi ya phunziro kapena kudzaza ophunzira m'galimoto imodzi kuti azisinthana, ndipo amene amaonana maso ndi maso ndi wophunzira wodandaula ndi mphunzitsi, amenenso malipiro ake sachulukira.

Chopweteka kwambiri n'chakuti ophunzira ambiri sabwera kudzafuna luso. Amafuna khadi. Funso lawo loyamba ndi lakuti, "Aphunzitsi, ndikayezedwa liti?" Ndipo pafupi ndi maofesi a Road Traffic sipasowa madobadoba olonjeza njira yachidule. Boma linabweretsa makina a MalTIS, ojambula nkhope ndi zala za munthu, pofuna kutseka mipata yotere, koma makina sangalowe mumtima mwa munthu amene watsimikiza kugula chimene anayenera kuchikhetsera thukuta. Mphunzitsi woona amauza wophunzira kuti sanakonzeke, ngakhale akudziwa kuti mawu amenewo angathamangitse kasitomala n'kukwiyitsa abwana. Aphunzitsi otere ndimawalemekeza kwambiri, chifukwa palibe amene amawaombera m'manja.

Msewu nawo wasintha pamaso pawo. Galimoto zambiri zimene anthu akugula masiku ano, ma Vitz, ma Mira ndi ma Sienta ochokera ku Japan, n'zosintha zokha magiya, ndipo ena amafunsa chifukwa chovutikira ndi kilatchi. Njinga zamoto za kabaza zadzaza m'matauni, zambiri zikuyendetsedwa ndi anyamata amene sanapondeko pasukulu iliyonse yophunzitsa kuyendetsa, moti kuphunzitsa munthu kuyang'ana pagalasi lakumanzere asanakhote kwasanduka nkhani ya moyo ndi imfa. Ku Lilongwe kwabwera misewu yotakata ndi mlatho wodutsana wa pa Area 18, zinthu zimene aphunzitsi akale sanazione pamene iwo ankaphunzira.

Mayeso amaona ngati munthu angabwerere m'mbuyo osagunda, angatembenuke pamalo opanikiza, anganyamuke pamtunda ndi kuyenda m'tauni masana. Saona momwe angachitire usiku pa M1 thiraki ikamuthira magetsi m'maso, kapena mvula yoyamba ikagwa phula n'kuterera, kapena pa Lizulu tsiku la msika anthu ndi madengu a mbatata atasefukira mumsewu. Saona ngati akudziwa kuti potsika phiri la Chiweta amatsika ndi giya yotsika, osadalira buleki yokha imene ikatentha imasiya kugwira. Zimenezi wophunzira amazimva kwa mphunzitsi wake kapena sazimva n'komwe. N'chifukwa chake maphunziro a aphunzitsi ayenera kupitirira pa chiphaso choyamba: azibwerera m'kalasi nthawi ndi nthawi, aziphunzira chithandizo choyamba cha ovulala, ndipo oyendera a boma azifika m'masukulu kudzaona ngati buleki ya kumanzere ija ikugwiradi.