Kodi mankhwala a mphumu opumira amapita kuti akalowa m'thupi?

Wodwala mphumu akatsindika inhela ya beclomethasone, si mankhwala onse amene amafika m'mapapo. Pa mainhela ambiri otsindika, ofika m'mapapo amangokhala magawo 10 mpaka 20 pa 100 alionse. Ambiri mwa otsalawo amamatirira m'kamwa ndi kukhosi, kenako amamezedwa limodzi ndi malovu.

Amene afika m'mapapo ndiwo amagwira ntchito. Amalowa m'maselo a njira za mpweya n'kuchepetsa kutupa pang'onopang'ono. Phindu limayamba kuoneka patatha masiku angapo, mwinanso masabata, osati mphindi zochepa monga zimakhalira ndi salbutamol. N'chifukwa chake odwala ena amawasiya msanga poganiza kuti sakuthandiza. Kuchokera m'mapapomo, mankhwalawa amalowa m'magazi asanadutse m'chiwindi.

Omezedwawo sathandiza mphumu. Amalowa m'thupi kudzera m'matumbo n'kukafika kuchiwindi, chomwe chimawaphwanya asanafalikire. Koma chiwindi sichiphwanya ma steroid onse mofanana. Mwa budesonide womezedwa, pafupifupi magawo 10 pa 100 amapulumuka n'kulowa m'magazi, pomwe fluticasone propionate wopulumuka sakwana n'gawo limodzi pa 100.

Apa m'pomwe pamafunika tcheru kwa odwala amene akumwa ma ARV okhala ndi ritonavir. Ritonavir amatsekereza CYP3A4, enzyme ya m'chiwindi yomwe imaphwanya fluticasone ndi budesonide. Zikatero steroid amaunjikana m'magazi, nkhope imafufuma, shuga amakwera, ndipo thupi limachepetsa kupanga cortisol wake. Kumusiyitsa inhela mwadzidzidzi wodwala wotere n'koopsa. Atumizidwe kwa dokotala. Beclomethasone sadalira kwambiri enzyme imeneyi, choncho ndi amene amasankhidwa pa odwalawa. Wopereka inhela azifunsa kaye mtundu wa ma ARV omwe munthu akumwa.

Mankhwala otsalira m'kamwa amayambitsa zilonda zoyera za mafangasi ndi kusasa mawu. Spacer imachepetsa vutoli, popeza timadontho tikuluikulu timatsalira m'kati mwake pomwe tating'ono timapitirira kukafika m'mapapo. Kumene spacer kulibe, botolo la pulasitiki la 500 ml loboola kumatako lingagwire ntchitoyo. Kafukufuku wa ku Cape Town wa mu 1999 anapeza kuti linathandiza ana popuma mankhwala otsegula njira za mpweya mofanana ndi spacer yogula. Wodwala apope kamodzi, akokere mpweya m'kati mofatsa, augwire kwa masekondi pafupifupi 10, ndipo akamaliza achukuche m'kamwa ndi madzi n'kulavula.