Kompyuta Ikakana Kuyaka

Makompyuta ambiri amene ndimawaona m'masukulu ndi m'timashopu ta ku Mponela, Dowa boma ndi Ntchisi ndi akaunjika, ndipo fumbi la chilimwe siliwachitira chisoni. Munthu akandiuza kuti yake yafa, ndimayamba ndafunsa kuti, kodi fani ikuzungulira?

Ngati ili zii, nthawi zambiri vuto ndi magetsi. Yesani chingwe china ndi soketi ina. Makina ena akale ali ndi kaswichi kofiira kumbuyo. Kuno kayenera kukhala pa 230, chifukwa kakakhala pa 115 power supply (kabokosi kogawa magetsi m'kompyuta) imapsa nthawi yomweyo. Mphenzi za dzinja m'mapiri muno nazo zimaiwotcha.

Fani ikamazungulira koma sikirini ili bii, kapena makina akungolira pii pii, ine ndimakayikira RAM (memory ya kompyuta). Zulani chingwe pakhoma, tsegulani bokosi, chotsani RAM, pukutani mano ake agolide ndi labala wa pensulo, kenako muibwezere mpaka timapulasitiki ta m'mbali titseke. Kompyuta ikamaiwala tsiku ndi nthawi, kabatire ka CR2032 katha mphamvu.

Power supply yokhayo musaitsegule. Imasunga moto ngakhale chingwe mwazula.