Musanakoke ngolo ndi minibasi yanu, yambani mwawerenga manambala

Pa ntchito zonse zimene timagwira m'galaja, imene eni magalimoto amaipeputsa kwambiri ndi yoika tow bar, chitsulo chokokera ngolo chija. Mwini Hiace kapena Caravan amafika n'kunena kuti, "Amisiri, mungondiwotcherera chachitsulo cholimba kumbuyoku, Loweruka ndikukapikula mbatata ku Tsangano." Ndikawafunsa kuti ngoloyo ikadzaza izilemera makilogalamu angati, ambiri amangoti, "Ndi kangolo kakang'ono." Yankho limeneli limandidetsa nkhawa, chifukwa tow bar sitisankha poona kunenepa kwa chitsulo. Timasankha ndi manambala.

Tiyambe ndi pomangirira. Bampa si malo okokerapo katundu. Tow bar yoyenera imamangidwa ndi mabawuti ku chasisi, pamabowo amene opanga galimotoyo anasiyiratu, ndipo mabawutiwo pamutu pake pamalembedwa 8.8 kapena 10.9. Ine ndimawotcherera zitsulo tsiku ndi tsiku, koma pachasisi ya minibasi ndimakana. Chitsulo chake n'chopyapyala, moto umachifooketsa, ndipo mng'alu umayambira m'mphepete mwa powotcherapo, pamalo oti simungaone pokhapokha mutagona pansi pa galimoto ndi tochi. Mng'aluwo umakula pang'onopang'ono m'misewu ya mabampu mpaka tsiku limene ngolo idzatsale yokha pamsewu, kapena kulowera kumene kuli anthu oyenda pansi.

Tow bar yopangidwa mwadongosolo imakhala ndi kachitsulo kolembapo. Pamenepo mupeza chilembo D, chosonyeza mphamvu yokoka imene ingapirire, ndi chilembo S, chosonyeza makilogalamu amene ngolo ingapsinje nawo pampira wokolekapo. Galimoto nayonso ili ndi malire ake awiri: GVM, kulemera kwake yokha ikadzaza, ndi GCM, kulemera kwa galimoto ndi ngolo pamodzi. Mukachotsera nambala yoyamba pa yachiwiri, chotsalacho ndiye ngolo imene mungakoke galimoto itadzaza. Magalimoto ogulidwa ku Japan nthawi zambiri sasonyeza manambalawa pa kachitsulo kawo, choncho yang'anani m'buku la galimotoyo kapena funsani kwa ogulitsa mtundu umenewo. Malire a tow bar ndi a galimoto akasiyana, tsatirani ocheperawo.

Mpira wokolekapo kuno kwathu, ku South Africa ndi ku Ulaya ndi wa mamilimita 50. Ku America amagwiritsa ntchito mipira ina, monga wa mamilimita 50.8 ndi wa 47.6, ndipo ina mwa imeneyi imafika kuno pamagalimoto ndi m'zipangizo za kaunjika. Ndi maso simungasiyanitse. Koma chikho cha ngolo cha 50 chikavala mpira wa 47.6 chimakhwepa, ndipo dzenje limodzi la pamsewu likhoza kuchivula. Mpira wa 50 womwewo ukaperepeseka mpaka kufika pa 49, watha ntchito. Mukakoleka ngolo, gwirani mpini wake n'kuyesa kuinyamula mwamphamvu. Ikatsekeka bwino, kumbuyo kwa galimoto kumanyamuka nayo limodzi.

Nambala ina yoti muisunge pamtima ndi 750. Ngolo yopanda mabuleki akeake isapitirire makilogalamu 750, kuphatikizapo kulemera kwa ngoloyo. Ngati ngolo yopanda kanthu ikulemera 250, mwatsala ndi 500, amene ndi matumba khumi okha a chimanga kapena a simenti. Ndimaona ngolo zotere zitasenza matumba kuwirikiza pamenepo, pamwamba n'kuikaponso njinga ndi malata. Injini imakoka ndithu, ndipo ndi chimene chimanamiza anthu. Vuto limabwera poima, chifukwa mabuleki a minibasi, imene yadzaza kale ndi anthu, ndi amene akuyenera kuimitsa zonsezo. Layisensi nayonso ili ndi malire omwewa: ya B imalola ngolo yosaposa 750, yoposa apo imafuna EB.

Kapakiridwe ndiye pamene pagona nkhani yaikulu, ndipo apa ndimafuna makondakitala ndi anyamata opakira katundu amve bwino. Katundu wolemera akhale pansi, pamwamba pa ekiselo kapena patsogolo pake pang'ono, n'kumangidwa kuti asasunthe. Kutsogolo kwa ngolo kuzipsinja mpira ndi makilogalamu pafupifupi 7 mpaka 10 pa 100 alionse a ngolo yonse, koma osaposa nambala ya S ija. Mungayeze ndi sikelo yapansi ndi kamtengo kodula bwino koimika pansi pa chikho. Katundu akachuluka kumbuyo, ngolo imayamba kugwedeza mchira ngati nsomba, ndipo liwiro likamakwera kugwedezako kumakula mpaka kukoka matayala akumbuyo a minibasi. Akachuluka kutsogolo, minibasi imakhala pansi kumbuyo, matayala akutsogolo n'kupepuka, chiwongolero osagwiranso bwino.

Ngolo ikayamba kuvina, thupi limakuuzani kuti mupondereze buleki. Musatero. Chotsani phazi pamoto pang'onopang'ono, gwirani chiwongolero chowongoka osalimbana nayo, liwiro litsike lokha. Ikakhazikika, imani pambali mupakirenso katunduyo. Ambiri amangopitiriza ulendo, poganiza kuti inali mphepo chabe.

Pamitsetse ngati ya Chiweta, Khwekhwerere kapena yotsikira ku Chikwawa, lowetsani giya yotsika musanayambe kutsetsereka, injini izithandiza kugwira galimoto. Mabuleki opondedwa kuchokera pamwamba mpaka pansi amatentha, ndipo mukamva fungo lake dziwani kuti mphamvu yawo yachepa kale. Pokhota tengani malo okwanira, chifukwa matayala a ngolo amadutsa m'kati mwa njira imene galimoto yadutsa.

Zotsalazi n'zazing'ono koma zimapha. Tcheni chachitetezo chikolekedwe pa bowo lake pa tow bar, osati kuchikulunga pakhosi pa mpira. Pulagi ya magetsi, kaya ndi ya mapini 7 kapena 13, iyesedwe ulendo uliwonse: wina aime kumbuyo aone nyali za mabuleki ndi maindiketa. Ngolo yopanda nyali usiku pa M1 ndi msampha kwa amene akubwera m'mbuyo mwanu. Matayala a ngolo amang'aluka chifukwa chokhalitsa padzuwa ngakhale mano ake akadali atsopano. Mukayenda kanthawi, imani mukhudze pakati pa gudumu lililonse. Pakatentha moti dzanja silingapirire, mabering'i auma, akufuna girisi kapena kusinthidwa.

Eni minibasi, amalonda opikula ndi inu amene mumabweretsa katundu wa anthu kuchokera ku Johannesburg, ndikukupemphani kuti musanalipire mmisiri aliyense mumufunse mafunso awiri: tow bar imeneyi ikumangidwa pati, ndipo kachitsulo kake kakunena makilogalamu angati? Akalephera kuyankha, pitani kwa wina.