ANADIKIRA ZAKA 49: MBIRI YA TIMU YA KIRIKETI YA AMAYI A KU INDIA

Tikukutengerani ku India, dziko limene maseŵera a kiriketi amakondedwa monga momwe ife timakondera mpira wamiyendo. M'maseŵera ameneŵa mbali iliyonse imakhala ndi anthu 11. Wina aponya mpira wolimba kulinga timitengo titatu, ndipo mnzake wa mbali ina aumenya ndi thabwa kuti apeze mapointi otchedwa marani. Kwa nthaŵi yaitali anthu a kumeneko ankati ameneŵa ndi maseŵera a amuna okha.

Bungwe loyang'anira kiriketi ya amayi linakhazikitsidwa mumzinda wa Lucknow m'chaka cha 1973. Patapita zaka zitatu, mu 1976, timu ya dziko inaseŵera mpikisano wake woyamba wa masiku angapo ndi amayi a ku West Indies ku Bangalore, motsogozedwa ndi Shantha Rangaswamy, ndipo chaka chomwecho inapambana koyamba ku Patna. Koma masiku amenewo anali oŵaŵa. Atsikana ankayenda maulendo aatali pa sitima zapamtunda zodzaza, atasenza okha katundu wawo, nagona pansi m'zipinda za sukulu. Malipiro kunalibe. Pamene India inalandira mpikisano wa chikho cha dziko lonse mu 1978, timuyi inagonja maseŵera ake onse.

Ngakhale zinali choncho, ena sanataye mtima. Jhulan Goswami, mtsikana wa m'tauni yaing'ono ya Chakdaha, ankalaŵirira m'bandakucha kukwera sitima ya ku Kolkata kuti akaphunzire kuponya mpira. Pamene ankapuma mu 2022, anali atatulutsa omenya 255 m'maseŵera a tsiku limodzi. Mnzake Mithali Raj anasiya chaka chomwecho atapeza marani 7,805, ndipo panalibe mkazi wina padziko lonse amene anafikapo pamenepo.

Tsono chikho chenichenicho chinaŵapulumuka m'manja kangapo. Mu 2005 anafika m'ndime yomaliza ku South Africa, koma Australia inaŵagonjetsa ndi marani 98. Mu 2017 anapambana Australia yomweyo m'ndime yachiŵiri kwa yomaliza, Harmanpreet Kaur atamenya marani 171 osatuluka, koma anakagonja kwa England pabwalo la Lord's ku London ndi marani 9 okha. Mu 2020 anagonjanso ku Melbourne m'ndime yomaliza ya maseŵera aafupi, pamaso pa anthu oposa 86,000.

M'zaka zomwezo zinthu zinali kusintha kwawo. Mu 2006 bungwe lalikulu la kiriketi ya ku India linatenga udindo wosamala timu ya amayi, ndipo mu 2022 linalengeza kuti amayi adzilandira ndalama zofanana ndi amuna pa mpikisano uliwonse woimira dziko.

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu 2025 India inalandiranso mpikisano wa chikho cha dziko lonse. Timuyi inagonja katatu motsatizana, ambiri nayamba kuinyoza. Komabe inadzuka, nigonjetsa Australia imene inaiikira marani 338, Jemimah Rodrigues atamenya 127 osatuluka. Pa 2 November, ku Navi Mumbai, inakumana ndi amayi a ku South Africa. India inapeza marani 298, ndipo ngakhale Laura Wolvaardt anamenya 101, South Africa inathera pa 246. Motero Harmanpreet Kaur, amene anagonja ku London zaka 8 m'mbuyomo, ananyamula chikho, patapita zaka 49 chiyambire timuyi.

Makolo anzathu, taganizani za mayi ndi bambo a ku Chakdaha aja. Akadamletsa mwana wawo kukwera sitima ija poopa zonena za anansi, dziko lawo likadataya mphatso yaikulu. Kodi m'nyumba zathu mulibe ana aakazi amene luso lawo tikulikwirira ndi mawu akuti "zimenezo n'za anyamata"? Ndipo inu achinyamata, kumbukirani kuti amene anagona pansi m'zipinda za sukulu mu 1976 sanakhudze chikho, koma ndiwo analambula njira imene anzawo anadzeramo.