Gofu wa M'nyumba: Mmene Bwalo Lalikulu Limalowera M'chipinda

Aliyense amene anadutsapo ku Area 3 mumzinda wa Lilongwe, naponya maso pa bwalo la Lilongwe Golf Club limene lagona m'mbali mwa mtsinje, naona kapinga wometedwa bwino ndi anthu akulondola kampira koyera mwachifatse, sangalephere kunena mumtima mwake kuti masewera amenewa ndi a anthu opata, ndi kuti munthu wa ku Kabudula kapena ku Nambuma alibe nawo gawo. Maganizo otere ali ndi maziko ake, pakuti bwalo la maenje 18 limadya malo oposa maekala 100, malo amene mabanja ambiri akadalimapo chimanga, mtedza ndi fodya. Ndiponso kapingayo amafuna madzi m'chilimwe, ndodo zosewerera n'zokwera mtengo, ndipo masewera amodzi amatha maola anayi. Komatu zovuta zimenezi sizinayambe ndi ife, ndipo anthu anzeru a maiko ena, atalimbana nazo zaka zambiri, anapeza njira zolowetsera gofu m'nyumba.

Gofu anakulira ku Scotland, kumene anthu anamukonda kotero kuti m'chaka cha 1457 Mfumu James II inamuletsa, poona kuti amuna aleka kuphunzira kuponya mivi. Ndipo ku St Andrews, m'chaka cha 1764, ndiko kunakhazikika chiwerengero cha maenje 18. Kuchepetsa bwalo kunayambira komweko, pamene mu 1867 amayi anadzipangira kabwalo kawo kongogubuduzirapo mpira. Nzeruyo itaoloka nyanja kunka ku America, James Barber anamanga kabwalo kotere pakhomo pake ku Pinehurst mu 1916, ndipo mu 1922 Thomas Fairbairn, posakaniza makoko a njere za thonje ndi mchenga, mafuta ndi utoto wobiriwira, anapanga chinthu cholowa m'malo mwa kapinga, chosafuna madzi kapena kumeta. Pofika 1930 timabwalo totere tinali pafupifupi 25,000 m'dzikomo, tina m'nyumba, tina pamadenga a nyumba zosanja.

Tisayese kuti zimenezi n'zachilendo kotheratu kwa ife. Tebulo la pulu limene anyamata amalizinga pakhonde la golosale ku Nsaru kapena pa Mpingu linachokera ku masewera amene anthu a ku Ulaya ankachitira pabwalo kale lomwe, ndipo nsalu yake yobiriwira ndi chikumbutso cha kapinga amene anasiyidwa panja. Makolo athunso, amene ankakhala pansi moyang'anizana, nandandalika zitsononkho, napota nsikwa ndi zala kuti ikagwetse za mnzawo, ankadziwa bwino lomwe kuti malo ochepa osesedwa bwino amakwana kuyesa diso ndi dzanja la munthu. Nzeru yake ndi imodzi: mmisiri sanganyamule bwalo lonse, choncho ayenera kuyamba wazindikira pamene pagona mtima wa masewerawo, atenge pamenepo, zotsalazo azileke.

Nanga mtima wa gofu uli pati? Ngakhale kuti oonera amachita chidwi mpira ukamauluka kutali, odziwa masewerawa amavomereza kuti ambiri amagwa pafupi ndi dzenje, pamene munthu ayenera kugubuduza kampira kotambalala mamilimita pafupifupi 43, kolemera magalamu osapitirira 46, kuti kakalowe m'dzenje lotambalala mamilimita 108. Pamenepo nyonga zilibe ntchito. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wosewera amawerama, naona kumene nthaka yapendekera, nalingalira ngati mpirawo udzakhotera kumanja kapena kumanzere, nayesa mphamvu ya dzanja lake kuti usaperewere ndiponso usapitirire. Ndipo amene walowetsa mpira m'maenje onse atamenya kochepa kuposa anzake ndiye wapambana.

Chifukwa cha ichi wopanga gofu wa m'nyumba amasamala zinthu zitatu. Choyamba ndi liwiro la pansi: pasimenti mpira umathamanga osamvera mwini wake, pamchenga umaima msanga, motero pamafunika kapeti kapena nsalu yochindikala yoyalidwa popanda makwinya. Kuyesa kwake sikovuta, pakuti ngakhale pamabwalo otchuka amagwiritsa ntchito kachipangizo kamene Edward Stimpson anakonza mu 1935, komwe ndi kamtengo kokhala ndi ngalande, kamene amakapendeka mpaka mpira utagubuduka wokha, kenako n'kuyesa mtunda umene wayenda. Chachiwiri ndi kupendekeka, chifukwa thabwa lathyathyathya limatopetsa anthu tsiku limodzi, koma likakhala ndi tizitunda ndi zigwa, kapena timitengo tolowetsa pansi tosinthira kupendekeka kwake, wosewera amapeza funso latsopano tsiku ndi tsiku. Chachitatu ndi chilungamo: zopinga zikhale zakuti waluso azipambana kawirikawiri, koma wophunzira asataye mtima, pakuti masewera amene mwayi wokha ndiwo ulamula amasanduka juga, ndipo juga salera mudzi.

Masiku ano makina apita patsogolo koposa. Munthu amaima m'chipinda, namenya mpira weniweni ndi mphamvu zake zonse kulunjika pa chinsalu chachikulu chimene chikuonetsa chithunzi cha bwalo. Makamera amayesa liwiro la mpirawo, mmene wanyamukira ndi mmene ukuzungulirira, ndipo kompyuta imawerengera pamene ukadagwera, nionetsa pa chinsalupo nthawi yomweyo. Ku South Korea, kumene malo ndi ochepa ndipo mabwalo ndi okwera mtengo, kampani ya Golfzon, imene inayamba m'chaka cha 2000, inafalitsa zipinda zotere m'mizinda yonse, kotero kuti anthu akaweruka kuntchito amapita kukasewera usiku. Mu Januwale 2025 akatswiri awiri, Tiger Woods ndi Rory McIlroy, anayambitsa mpikisano wa TGL ku Florida, umene umachitikira m'nyumba, momwe bwalo la dzenje limazungulira ndi kusintha kupendekeka kwake ndi makina obisika pansi.

Tinene zoona, kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: makina amenewa amafuna ndalama zambiri ndi magetsi osathimathima, ndipo ngakhale atakoma chotani sangapatse munthu mphepo yomuomba kumaso, kapena ulendo wa makilomita angapo umene umalimbitsa thupi. Koma gawo limene lili losavuta kumanga ndi lomwe lija tanena kuti ndiwo mtima wa masewerawa, ndipo limeneli silifuna magetsi konse. Ku Namitete, kumene sukulu ya ntchito zamanja yakhala ikuphunzitsa ukalipentala kwa zaka zambiri ndipo mipando ya kumeneko inamveka mbiri yake, mmisiri wodziwa kugwira mpini wa sowo ndi kuwerenga levulo angathe kulumikiza matabwa a mamita atatu kapena anayi, kuwatchinga m'mbali, kuyalapo kapeti, kuboola dzenje ndi kusema ndodo, osafuna chilichonse chochokera kutali kupatula mpira wokha.

M'dzinja, pamene mvula imatsekera ana m'makalasi ndipo achinyamata akaweruka kumunda amasowa chochita madzulo, chipangizo chotere chingaikidwe m'holo ya sukulu kapena ya mpingo, kumene mtsikana ndi mnyamata, gogo ndi mdzukulu, ngakhale munthu woyenda pa njinga ya olumala, angapikisane mofanana. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma kumeta timeta tokha. Inu aphunzitsi, akuluampingo ndi amisiri a matabwa, yambani ndi dzenje limodzi, muone mmene ana alilandirire, kenako muonjezere lachiwiri.