Chitsamba Chobwezera Unyamata m'Nthano ya Gilgamesh

Omvera amene amasunga mizu ndi makungwa kutsindwi akudziŵa kuti mankhwala amphamvu sapezeka pakhomo, ndipo kaŵirikaŵiri amafunika kuwatsata kudambo kapena m'mphepete mwa mtsinje. Chitsamba chimene chikukambidwa lero sichinamerepo m'dambo lililonse padziko lino, pakuti nchopeka. Komabe mbiri yake yakhala zaka zoposa 3,000, ndipo chili m'gulu la mankhwala akale kwambiri otchulidwa m'zolemba za anthu.

Nthanoyi inachokera ku Mesopotamia, dziko la pakati pa mitsinje ya Tigris ndi Euphrates, kumene lero kuli Iraq. Inalembedwa pa mapale adongo 12, ndipo ambiri mwa mapalewo anafukulidwa m'mabwinja a Nineveh, pafupi ndi mzinda wa Mosul, m'nyumba yosungiramo zolemba ya mfumu Ashurbanipal. M'chaka cha 1872 George Smith, amene ankagwira ntchito ku British Museum mumzinda wa London, anaŵerenga phale la 11 napezamo nkhani ya chigumula yofanana ndi ya Nowa. Anthu anachita chidwi ndi chigumulacho, koma kumapeto kwa phale lomwelo ndiko kuli chitsamba chija.

Gilgamesh anali mfumu ya mzinda wa Uruk. Bwenzi lake Enkidu litamwalira, iye anagwidwa ndi mantha a imfa, nayenda ulendo wautali kukafuna Utnapishtim, munthu amene anapulumuka chigumula ndipo milungu inampatsa moyo wosatha. Nkhalambayo inamuyesa kuti akhale maso masiku 6 ndi mausiku 7, koma mfumuyo itangokhala pansi tulo tinaigwira. Mkazi wa Utnapishtim ankaphika mkate tsiku ndi tsiku nkumauika kumutu kwake, kuti podzuka asakane kuti anagona. Mai yemweyo ndiye anadandaulira mwamuna wake kuti mlendo wovutika chotere asabwerere chimanjamanja.

Pamenepo Utnapishtim anaulula chinsinsi. Pansi pa madzi akuya, amene anthu a kumeneko ankawatcha Apsu, panali chitsamba chaminga yolasa dzanja la aliyense wochigwira. Gilgamesh anamangirira miyala yolemera kumapazi kwake, namira mpaka pansi, nazula chitsambacho, kenaka anadula zingwe za miyala ija ndipo madzi anamponya kumtunda. Apa mpofunika kumvetsa bwino: chitsambachi sichinali choletsa imfa ai, chinali chobwezera nkhalamba mphamvu za unyamata, ndipo dzina limene mfumuyo inachipatsa likunena zomwezo.

Chochititsa chidwi kwambiri ndi chimene Gilgamesh anachita pambuyo pake. Sanachidye pomwepo. Anauza Urshanabi, wopalasa bwato amene anali naye, kuti akafika ku Uruk akayamba wadyetsa nkhalamba ina kuti aone ngati mankhwalawo akugwiradi ntchito, ndipo iye akadya pambuyo. Ena amati imeneyi inali nzeru ya mfumu yoganizira anthu ake. Ena amati anali mantha chabe, kufuna kuti ngati muli ululu uyambe wapha wina. Zonse ziŵiri nzotheka, koma kuchedwa kumeneku ndiko kunamtayitsa mwai.

Ali panjira anapeza dziŵe la madzi ozizira, naloŵamo kukasamba, chitsamba atachisiya kumtunda. Njoka inamva fungo lake, inabwera mwakachetechete nkuchitenga, ndipo pochoka inafundula khungu lake. Mfumu ija inakhala pansi nkulira. Motero nthanoyi ikufotokozanso chifukwa chake njoka imafundula nkuoneka yatsopano pamene munthu amangokalambirakalambira.

Akatswiri ayesa kufananitsa chitsambachi ndi zomera zenizeni zaminga, koma ntchito imeneyo ili ngati kutunga madzi ndi dengu, popeza chitsamba chaminga sichimera pansi pa nyanja. Chodziŵika nchakuti anthu a ku Mesopotamia anali ndi asing'anga a mitundu iŵiri: asu, amene ankasakaniza zitsamba ndi mafuta kapena moŵa, ndi ashipu, amene ankachiza ndi mapemphero ndi miyambo yothamangitsa ziŵanda. Wolemba nthanoyi ankakhala pakati pa anthu ozoloŵera kupanga mankhwala, ndiponso pafupi ndi madambo aakulu a bango a kumwera kwa dzikolo.

Madambo amenewo alipo ndithu, ngakhale anatsala pang'ono kutha. Anthu ataukira boma m'chaka cha 1991, ulamuliro wa Saddam Hussein unapatutsa madzi ndi kuumitsa mbali yaikulu ya madambowo, ndipo eni ake ambiri, amene ankamanga nyumba za bango ndi kuŵeta njati zam'madzi, anasamuka. M'chaka cha 2003 anthu anagumula zipupa zotchinga madzi, ndipo mbali ina inadzalanso. M'chaka cha 2016 bungwe la UNESCO linaika madambowo, pamodzi ndi mabwinja a Uruk, Ur ndi Eridu, pa mndandanda wa malo oyenera kusungidwa ndi dziko lonse.